Loko pa Boneti ya Chimphuno

Ana anga, mutu uno sunali m'maganizo mwanga, koma Dalitso wandiputa. Lamlungu lapitali unabwera kudzationa ndi kagalimoto kako kotopa kaja, kumbuyo kukufuka utsi wabuluu, ndipo nditakufunsa oilo amene wathiramo unandiyankha kuti, “Amene anandipatsa pamsewu, atate.” Amene anakupatsa! Mwana wa munthu amene anakalambira pansi pa magalimoto, kulandira oilo ngati mlendo wolandira madzi akumwa osafunsa chitsime. Ndinameza mawu chifukwa panali mpongozi wanga. Tsopano ndikuyankha papepala, pamene palibe wondidula pakamwa. Za kubadwa kwanga ndi za kusukulu ndikuzilumpha, munazimva mpaka kutopa. Ndiyambira pa ntchito.

Chipata, kumapeto kwa zaka za m'ma 1970

Ntchito yanga yoyamba inali m'galaja ya bungwe lina la alimi. Dzina la bungwelo sindilitchula, chifukwa ana a anthu amene ndiwanene muno akali moyo. Linkagula chimanga ndi nshawa, zimene ena amati mtedza, m'midzi n'kumazitutira kutauni. Ndinafika ndi setifiketi ya umakanika m'thumba la malaya, ndipo kuyambira tsiku limenelo sindinatayepo pepala la ntchito ngakhale limodzi: kalata yondilemba ntchito, makadi a magalimoto, malisiti, ngakhale timapepala topemphera sopo wosambira m'manja. Zonsezo zili m'thilanki yobiriwira ija imene amayi anu amati ikudya malo a matumba a mbewu.

Folomani wathu anali a Mulenga, Mbemba wamtali wa mawu ngati hutala. Poti Abemba ndi ife a kum'mawa ndife achimbuya, mitundu yonyozana mwanthabwala popanda mlandu, ankandinyoza mmene afunira, inenso ndinkabweza ngakhale ndinali wamng'ono. Sabata yoyamba yomweyo anandiitana. “Iwe wodya mbewa, tabwera kuno.” Ine ndinati, “Ndabwera, inu odya anyani. Mwandisiyirako mchira?” Anaseka mpaka kutsokomola, kenaka anandiikira zivindikiro ziwiri za zitini, chilichonse chili ndi oilo pang'ono. Anati ndigwire uyu, ndigwirenso uyo. Woyamba anaterereka pa zala ngati mafuta ophikira. Wachiwiri ananamatira, ndipo nditatambasula zala anapanga kaulusi.

“Mvera,” anatero a Mulenga. “Injini yatsopano ili ngati nsapato yatsopano, m'kati n'mothina. Imafuna oilo wopepuka, wolowa paliponse msanga. Ikayenda mitunda yambiri zitsulo zimadyana, mipata imakula. Ukathiramo wopepuka amapyola m'mipatamo n'kukapsa limodzi ndi dizilo. Utsi wabuluu umauona uja ndi oilo akuwotchedwa. Nkhalamba uziipatsa wolemererapo.” Ine, pofuna kuonetsa nzeru za kusukulu ndi za pamsewu pamodzi, ndinafunsa ngati sitingangothiramo nainte, oilo wolimba uja wa m'giyabokosi, monga ankachitira ena pofuna kugulitsa galimoto yofuka. Anandigogoda pa chala ndi sipanala. “Wothira nainte mu injini ali ngati munthu wotseka wodwala pakamwa kuti asabuule, n'kumauza anthu kuti wachira. M'mawa wa mu Juni oilo wotero safika kumtunda, zitsulo zimayenda zouma. Ukwere sitepe imodzi yokha, osalumpha.” Chala chinapola, mawuwo anatsala.

M'galajamo munali lole ina ya boneti yaitali imene aliyense ankaitcha Chimphuno. Pamene ndinkafika chinali chitayenda kale mokwanira. Dalaivala wake anali a Yesaya Mbewe, munthu wosamwa, wosasuta, woimba besi m'kwaya ya kutchalitchi. M'mawa uliwonse ankatsegula boneti, kusolola kandodo koyezera oilo, kukapukuta, kukabwezera, kukasololanso, ndipo atatero m'pamene ankatipatsa moni. A Mulenga ankati a Mbewe anakwatira mitala, ndipo mkazi wamkulu ndi Chimphuno.

Kasenengwa, m'zaka za m'ma 1980

Anandisamutsira ku depoti ya ku Kasenengwa kuti ndizisamalira mathirakitala ndi malole obwera kudzatenga chimanga. Kumeneko n'kumene ndinapezana ndi amayi anu, koma nkhaniyo ili ndi mutu wake. Zinali zaka za mizere. Shuga pamzere, sopo pamzere, matayala kulibiretu. Oilo akabwera ankalandiridwa ngati mkwatibwi. Woyang'anira depoti anali munthu wamantha amene ankatsekera chilichonse m'ofesi mwake, ndipo kuti ndipeze galoni imodzi ndinkalemba pepala, iye kusaina, ine kusainanso. Sindinadandaule. Pepala limateteza wopereka ndi wolandira yemwe.

Koma panali oilo mmodzi amene analibe pepala, ndipo apa mumvetsetse chifukwa nkhani yonse ikuchokera pamenepa. Tikakhetsa oilo wakale mu injini, wakuda bii, tinkamutcha oilo wakufa. Bungwe silinkamuwerengera. Tinkamuthira m'dilamu yodula kuseri kwa galaja, ndipo anthu ankabwera ndi zigubu kudzapempha. Wina akapake mitengo ya denga kuti chiswe chisadye, wina nsanamira za khola, wina akathire pa mawilo a ngolo, wina m'chimbudzi kuti ntchentche zithawe. Tinkapereka ngati mmene munthu amaperekera moto kwa mnansi. Ndani analemberapo mnzake lisiti ya moto?

Chimphuno chinkabwera kawirikawiri. Geji yake yowerenga mtunda inazungulira mpaka kuyambiranso, kenaka inafa, koma injini inali bwino chifukwa tinkaipatsa oilo wa fote, wolemera bwino, ndipo a Mbewe ankaiyendetsa ngati anyamula mazira.

Chipata kachiwiri, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990

A Mulenga atapuma ntchito ndinabwerera kutauni kudzakhala folomani. Nthawi yomweyo bungwe linalandira mapikapu atsopano kuchokera kwa anthu othandiza a kunja, ndipo kunabwera manijala watsopano, a Daka. Sanali munthu wopusa, ndisawanamizire. Anapeza kuti m'sitolo muli oilo wa mitundumitundu ndipo wina amasowa, choncho analamula kuti tizigula dilamu imodzi yokha ya magalimoto onse, kuti kuwerengera kukhale kosavuta. Vuto linali lakuti dilamuyo inali ya oilo wopepuka wa mapikapu, chifukwa opereka mapikapuwo anatero. Ndinalemba kalata yoti Chimphuno sichingakhalire oilo ameneyo. Yankho linabwera la mzere umodzi, lakuti lamulo ndi la onse. Makalata onse awiri ali m'thilanki.

Chimphuno chinayamba kumwa. Ulendo uliwonse wa ku Chipangali a Mbewe ankapempha chigubu chowonjezera pamsewu, ndipo ine ndinkawapatsa, n'kulemba, iwo n'kusaina. Mwezi ndi mwezi mapepalawo anachuluka. Chaka chomwecho a Mbewe anamaliza kanyumba kawo ku Nabvutika, m'Chipata momwemo, ndipo mitengo ya denga anaipaka oilo wakufa amene ndinawapatsa ndi manja angawa. Nyumbayo inalibe siling'i. Aliyense wolowa ankaona mitengo yakuda ikunyezimira pamutu pake.

Komiti ya bungwe inali ya alimi, ndipo tcheyamani wake anali a Sakala a ku Chipangali, mlimi wamkulu, mwini ng'ombe zambiri ndi chigayo, munthu amene akanena chinthu kawiri ankayesa kuti chasanduka choona. Wina anakawauza za dengalo. Anatiitana kumsonkhano, ndipo ine anandiuza kuti ndibwere ndi mapepala onse a oilo. Ndinapita nawo monyadira, osadziwa kuti ndanyamula chingwe chomangira mnzanga. A Sakala anawaunjika patebulo n'kuwamenya ndi chikhatho.

“A Mwale, dzanja ili ndi lanu?” anandifunsa. Ndinavomera. “Ndiye oilo yenseyu anapita kuti? Mapikapu akumwa zotere?” Ndinafotokoza za mipata, za utsi, za dilamu imodzi. Anandidula. “Ife tinaona kumene anapita. Oilo wa alimi ali padenga ku Nabvutika.” Ndinati amene ali padengayo ndi wakufa, ndipo ndinapereka ndine. “Pepala lake lili kuti? Inu a Mwale, amene mumalemba ngakhale sopo?” Anthu anaseka. Kunena zoona, ana anga, sindinapsepo mtima ngati tsiku limenelo. Pakati pa anthu osekawo panalibe ngakhale mmodzi amene khola lake silinapakidwe oilo wochokera kuseri kwa galaja yanga. A Mbewe anangoimirira chipewa chili m'manja, n'kunena kuti, “Sindinabe.” Komiti inati idzagamula tikamaliza kututa nshawa, ndipo akapezeka olakwa adzachoka opanda kanthu, patatsala zaka zochepa kuti apume ndi penshoni. Mbiri inathamanga kuposa lole. Kukwaya anawauza kuti ayambe apumula, ndipo mwana wawo wamkazi, amene ukwati wake unali pafupi, anamva ankhoswe a kuchimuna akufunsafunsa.

Mwezi wa Seputembala chaka chomwecho

Ndinaganiza kuti ndikapeza oilo wolemera, Chimphuno chisiya kumwa ndipo nkhani idzazizira. Kumupeza sikunali masewera. M'mafiling'i siteshoni munali wopepuka yekhayekha. Pamsika panali anthu ogulitsa oilo m'mabotolo a zakumwa, opanda chizindikiro, ndipo wina anandiuza kuti, “Uyu ndi wolemera zedi, mdala, gwirani.” Ndinagwira, ndinanunkhiza. Anali oilo wakufa wosefedwa pansalu, wosakaniza ndi nainte. Nainte ali ndi fungo lake ngati la mazira ovunda, silibisika. Ndinamuuza kuti akapake khola.

Wondithandiza anali Che Jafali, Msilamu wa sitolo ya zida za magalimoto, amene makolo ake anachokera ku Malawi. Iye anali ndi malole akeake akale, choncho sindinavutike kufotokoza. “Achimwene,” anatero, “nkhalamba zanga zimamwa fote wa dizilo, wa m'chitini chomata. Wa fifite, wolemera kuposa fote, alipo, koma ameneyo mumusunge tsiku limene fote adzalephere. Musayambe ndi mankhwala omaliza.” Ndinaseka, chifukwa anali mawu a a Mulenga atavala mkanjo. Anandiuza kuti katundu wake ali m'njira kuchokera ku Lusaka, ndidikire. Ndinadikira, ndikupita kukasuzumira mpaka anayamba kundipatsa tiyi ngati wachibale. Zitini zitafika anandionetsa yekha kuti chomatira n'chosang'ambika ndi kuti malembo akunena za injini ya dizilo, osati ya petulo. Ndinagula ndi za m'thumba mwanga, lisiti ilipo, ndipo ndinazibisa kunyumba pansi pa bedi.

Mwezi wa Okutobala

Ndisanathire oiloyo, a Sakala anabwera ndi nzeru yawo. Analowa m'galaja atanyamula loko wamkulu ndi tcheni. “Tithetsa makani,” anatero. “Lolemba mudzadzaze oilo pamaso pathu. Tidzakhoma boneti, kiyi adzatsala ndi ine. Lole ipite ku Chipangali ikatenge nshawa, ibwere. Tikadzatsegula n'kupeza oilo alimo, ndiye kuti wakumwa si injini.”

Ndinafika kunyumba mutu utaima. Taonani mmene zinalili. Ndikanathira oilo wolemera uja mwakachetechete, Chimphuno chikanapita n'kubwera bwinobwino, oilo atangotsika pang'ono, ndipo komiti ikanati, “Mwaona? Takhoma loko, oilo wasiya kusowa.” Lole ikanapulumuka, a Mbewe akanakhala mbala mpaka kumanda. Ndikanathira wa m'dilamu, m'kutentha kwa Okutobala, ndi katundu wodzaza, popanda wowonjezera pamsewu, oilo akanatha lole isanafike kutauni. A Mbewe akanayera, koma injini imene ndinailera kuyambira ndili mnyamata ikanafera m'tchire nshawa za alimi zikudikira mvula. A Daka anali atandiuza kale poyera kuti, “A Mwale, lole ija ikafera m'manja mwanu, inunso mutsatira.” Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Amayi anu anaona kuti sindikudya. Nditawafotokozera anati, “Atate ake Dalitso, inu mumakonda chitsulo chija kuposa anthu, ndimadziwa. Koma chitsulo sichipita kutchalitchi.” Loweruka masana ndinapalasa njinga kupita ku Nabvutika. Ndinapeza a Mbewe atakhala pakhonde akusoka nsapato. Ndinawaikira zonse ziwiri pamaso pawo, osabisa. Ndinkayesa kuti adzandichonderera za Chimphuno, poti ankachikonda kuposa ine. Anakoka ulusi nthawi yaitali, kenaka anati, “A Mwale, lole ndi yawo. Dzina ndi langa. Ndilibe lina.”

Lolemba m'mawa, pamaso pa komiti ndi a Daka, ndinakhetsa oilo yense, ndinadzaza wa m'dilamu mpaka pa mzere wa kumtunda, ndipo ndinapereka kandodo kwa a Sakala kuti aone okha. Anakhoma loko, anaika kiyi m'thumba la jekete, natembenuka kuti azipita ku ofesi. Ndinawaimitsa. “A Tcheyamani, kiyi sakutsala. Mukwera nafe.” Anati ali ndi ntchito zina. Ndinakweza mawu kuti onse amve. “Mukatsala, tikabwera mudzati tinathyola loko, kapena tinakhetsa oilo pansi pa lole. Inu ndi amene munaona denga ndi maso anu. Bwerani mudzaonenso ichi ndi maso omwewo. Kapena mukuopa fumbi la kwanu?” Wina wa m'komiti anaseka, ndipo kusekako n'kumene kunawakweza. Zitini zanga ndinaziika poonekera kumapazi kwanga. Atafunsa, ndinati ndi kamba wa paulendo.

Popita lole inali yopanda katundu ndipo inayenda bwino. A Sakala anakhala pakati, a Mbewe kuchiwongolero, ine kuchitseko. Titasiya msewu wa tala n'kulowa m'fumbi, anthu a njinga amene tinkawapitirira ankatseka mphuno ndi malaya chifukwa cha utsi. Ndinawalozera a Sakala pagalasi. Anati lole iliyonse imafuka. Ku Chipangali anatilandira ngati mfumu yabwera, iwo akugwedeza kiyi kuti anthu awo aone. Tinapakira matumba mpaka kumtunda, ndipo tinanyamuka dzuwa lili paliwombo.

Pobwerera injini inatentha. Pa chitunda choyamba kanyale kofiira ka oilo kanaphethira kamodzi n'kuzima. Pa chachiwiri kanayamba kuphethira kosalekeza. A Mbewe anachotsa phazi n'kuyamba kupatuka.

“Mukuimiranji?” anafunsa a Sakala.

“Oilo watsika, a Tcheyamani,” ndinatero. “Tsegulani muone.”

“Kanyale aka mwakaseweretsa. Makanika ndi dalaivala, mphika ndi chivindikiro. Mukufuna nditsegule pano kuti mayeso afe. Loko atsegulidwa ku Chipata pamaso pa komiti. Yendetsa, iwe!”

Anati “iwe” kwa munthu wa imvi. A Mbewe sanawayang'ane, anayang'ana ine. Ndinadziwa kuti tikaima pamenepo a Sakala sadzatsegula, ndipo adzakauza komiti kuti tinakana kumaliza ulendo. Ndinadziwanso kuti munthu ameneyu sakhulupirira kanyale, koma ali ndi chigayo, ndipo injini ya chigayo chake inagogodapo n'kufa chaka china mpaka anagulitsa ng'ombe. Phokoso limenelo ankalidziwa. Panalibe njira ina koma kuti alimve ndi makutu ake. Ndinagwira chitseko mwamphamvu n'kunena kuti, “Tiyeni, a Mbewe. Pang'onopang'ono.”

Sindikufunirani, ana anga, kukhala pamene ndinakhala ine. Kanyale kanasiya kuphethira, kanangoyaka. Ndinkaona m'maganizo mwanga chitsulo chilichonse m'katimo, poti ndinazigwirapo zonse, zikuuma chimodzichimodzi. A Mbewe ankang'ung'udza nyimbo ya kukwaya, thukuta likutsika pachibwano. Kenaka phokoso linayamba, lapansipansi, ngati munthu akugogoda pakhomo mwaulemu: go, go, go. Ndinaona a Sakala akutchera khutu. Phokoso linakula.

“Imani!” anakuwa. “Zimitsani! Mupha lole, anthu inu!”

A Mbewe anali atazimitsa kale mawuwo asanathe. A Sakala anandikankha kuti atsike, anatsegula loko, anatukula boneti yotentha okha, nasolola kandodo. Kanali kouma. Anakapukuta pa jekete lawo labwino lija, anakabwezera, anakasololanso, monga ankachitira a Mbewe m'mawa uliwonse. Kunsonga kokha n'kumene kunali kadontho. Anagwada kusuzumira pansi pa lole kufuna pamene padontha. Fumbi linali louma.

“Ndiye wapita kuti?” anafunsa, mawu atachepa.

A Mbewe analoza kumbuyo, kumene utsi unali ukali lende pamwamba pa msewu. “Uyo, a Tcheyamani. Mukawauze a komiti akamutole.”

Tinakhala pansi pa mtengo kudikira kuti injini izizire. Kenaka ndinakhetsa kotsalako, ndinang'amba zomatira za zitini za Che Jafali pamaso pa a Sakala, ndinathira fote. Ndinauza a Mbewe kuti alize injini. Inalira. Kanyale kanakhala kanthawi, kenaka kanazima. Kugogoda kunachepa mpaka kutsala kakang'ono kamene munthu wosadziwa sakanakamva. A Sakala anakhomanso loko okha, sindinawauze. Titafika ku Chipata madzulo n'kutsegula pamaso pa a Daka, oilo anali atangotsika pang'ono pansi pa mzere wa kumtunda.

Zotsatira zake

Komiti inathetsa mlandu ndi mawu akuti “nkhani yaunikidwa.” Kupepesa kunalibe. A Mbewe anabwerera kukwaya, mwana wawo anakwatiwa, ndipo anapuma ntchito pa nthawi yake ndi penshoni yawo yonse. Chimphuno chinaloledwa kukhala ndi oilo wakewake, chinatuta nshawa zonse mvula isanagwe, ndipo chinagwira ntchito zaka zina zingapo. Koma kugogoda kuja sikunathe. Ndinkakumva m'mawa uliwonse chikalira, ndipo ndinkadziwa kuti ndinakuika ndine. A Daka anandipatsa kalata ya chenjezo pa milandu iwiri: kuthira oilo wosaloledwa ndi kuika katundu wa bungwe pangozi. Chifukwa cha kalatayo, udindo woyang'anira magalimoto onse a m'chigawo, umene unali wanga mwachionekere, unapita kwa munthu wina. Ndinapuma ndikali folomani. Kalatayo ili m'thilanki, ndipo mpaka lero ndikaiwerenga magazi amathamanga. Koma mutandibwezera pampando uja, kanyale katayaka, ndidzanenanso kuti, “Tiyeni, a Mbewe.”

Lero

Tsopano iwe Dalitso, ndi enanu amene muli ndi magalimoto ogula akale, imvani. Musathire oilo wolemera chifukwa chakuti galimoto ndi yakale pa maso. Yambani mwaona ngati ikumwadi: solola kandodo m'mawa uliwonse injini isanalire, yang'ana pansi ngati padontha, yang'ana utsi. Ikakhala yodontha, konzani podonthapo, oilo wolemera satseka chiboo. Ikakhala yofuka, onani nambala imene buku la galimotoyo limanena. Masiku ano pachitini pamakhala manambala awiri. Yoyamba ikunena mmene oilo amayendera kukazizira, yachiwiri mmene amalimbira injini ikatentha. Yachiwiriyo ndi imene mukweze, sitepe imodzi yokha. Timagalimoto tanu ta masiku ano tili ndi tinjira topapatiza m'kati, simungatipatse zimene tinkapatsa Chimphuno. Gulani wa m'chigubu chomata, wa petulo ku petulo, wa dizilo ku dizilo, ndipo lisiti musunge. Dziwaninso kuti oilo wolemera ndi ndodo ya nkhalamba, si unyamata. Tsiku lotsegula injini lidzafikabe.

Ndikadzapita mudzatsegula thilanki, ndipo mudzapeza zonse m'ndondomeko yake, kupatula malo amodzi. Pa mapepala a chaka cha mlandu wa a Mbewe pali nambala imodzi yosowa. Musayese kuti ndinataya.

Chaka chomwecho, mvula itayamba, a Sakala anatulukira kuseri kwa galaja ndi chigubu chopanda kanthu, akuyang'ana uku ndi uku. “A Mwale,” anatero, “chiswe chandivuta pakhola. Mungandigawireko wakuda uja?” Ndinati palibe vuto, a Tcheyamani. Ndinawadzazira mpaka pakamwa. Atagwira chigubu kuti azipita, ine sindinachisiye. Ndinatulutsa buku la malisiti n'kulemba kuti oilo wakufa, chigubu chimodzi, wopaka khola, walandira ndi a Sakala. “Musaine apa.” Anati, “Aa, a Mwale, oilo wakufa ndi pepala?” Ndinati, “Munandiphunzitsa ndinu.” Anandiyang'ana, anayang'ana chigubu, anasaina.

Pepala limenelo ndi lokhalo limene ndinalola kuti lichoke m'manja mwanga pa moyo wanga wonse. Ndinalipereka kwa a Mbewe. Iwo analikulunga m'pulasitiki n'kulikhomera ndi msomali pa mtengo wapakati wa denga lawo, pamene aliyense wolowa amayamba kuyang'ana. A Mbewe anatisiya, koma mwana wawo akali m'nyumbamo ku Nabvutika. Mukadzadutsa kumeneko mukapemphe kulowa, mukayang'ane kumwamba. Mitengo ija chiswe sichinaikhudze mpaka lero.